Kakweredwe ka sitima pa Wynberg, kwa inu amene mwangofika kumene ku Cape Town

Mwezi watha mwana wa achemwali anga anatulukira kuno kuchokera ku Mangochi, masiku angapo ali m'basi, miyendo itachita kutupa, ndiye sabata yoyamba yomweyo anamaliza ndalama ya thiransipoti yoti ineyo ndimayendera masabata awiri. Nditamufunsa kuti iwe ukuyenda bwanji kodi, akuti malume ndimakwera ma taxi, maminibasi a kuno aja, atatu kupita atatu kubwera, sitima ndikuiopa anthu anandiuza kuti mumaphedwa anthu. Ndinaseka koma ndinamumvetsa, chifukwa nanenso ndinatha miyezi ingapo ndikungoiona sitimayo ikudutsa, osayerekeza. Kwathu ambirife sitima timaidziwa ya katundu ija yonyamula malasha, kapena ija yochoka ku Limbe kupita ku Balaka ndi Nayuchi yomwe umachita kufunsa tsiku lake. Zoti munthu nkumadzuka tsiku lililonse kukwera sitima kupita kuganyu ngati minibasi ya ku Ndirande, zimenezo sitinakule nazo.

Ndiye ndati ndilembe zomwe ndinamuuza mphwangayo, makamaka za siteshoni ya Wynberg, poti aMalawi ambiri kuno timadutsira pamenepo kaya ukukhala ku Retreat, ku Capricorn, ku Westlake, ku Grassy Park kapena ku Hout Bay. Ukaidziwa Wynberg ndiye kuti mbali yonse ya kummwera kwa mzinda uno waigwira m'manja.

Choyamba phunzirani kuyang'ana phiri. Izi sizocheza ayi. Mukaima pa siteshoni ya Wynberg nkutembenukira kuphiri lalikulu lija, Table Mountain ndi mapiri anzake, dziwani kuti kudzanja lanu lamanja ndi kutawuni, ku Cape Town, ndipo kumanzere ndi kunyanja, ku Muizenberg, Fish Hoek mpaka Simon's Town. Basi. Foni ikathima, data ikatha, zikwangwani zikakusokonezani, phiri silisuntha. Msewu waukulu wa Main Road uli mbali ya kuphiri komweko, ukuyenda motsatana ndi njanji, ndiye ngakhale mutasochera m'mashopu muja mumangodziwa kuti ndikapatsa phiri nkhongo nkumatsetsereka ndikafika pa njanji.

Njanji imeneyi dzina lake ndi Southern Line. Kuchokera mtawuni sitima imaima pa Woodstock, Salt River, Observatory, Mowbray, Rosebank, Rondebosch, Newlands, Claremont, Harfield Road, Kenilworth kenako Wynberg. Alowezeni awiri omalizawo, mukangomva kapena kuona Harfield Road yambani kutolera zikwama, pa Kenilworth imirirani muyandikire chitseko. Ulendowu ndi wa pafupifupi theka la ola zinthu zikakhala bwino. Kupitirira Wynberg kuli Wittebome, Plumstead, Steurhof, Diep River, Heathfield, Retreat, Steenberg, Lakeside, False Bay, Muizenberg, ndiye kuyambira pamenepo njanji imayenda m'mphepete mwenimweni mwa nyanja.

Apa pali msampha womwe unandigwira ineyo, ndipo ndikudziwa kuti wagwira ambiri. Sitima zolembedwa kuti Retreat zilipo za mitundu iwiri. Ina ndi ya Southern Line yomwe imadutsa pa Wynberg, ina ndi ya Cape Flats Line yomwe imazungulira kudzera ku Maitland, Pinelands, Athlone, Lansdowne, Wetton, Ottery ndi Southfield nkukakumana ndi inzakeyo pa Heathfield. Yachiwiriyi pa Wynberg siidutsa olo pang'ono. Tsiku lina ndikuweruka mtawuni nditatopa ndinangoona mawu oti Retreat, ndinathamanga nkulowa, nkukhala bwinobwino pawindo kuyamba kuyankha ma mesiji, podzutsa mutu ndikuona Athlone. Ndinachita manyazi kufunsa, ndinangokhala duu ngati ndikudziwa kumene ndikupita mpaka pa Heathfield, nkutsika kukadikira ina yobwerera. Vuto linali langa, bolodi inalemba bwinobwino koma sindinawerenge. Ndiye mukakhala pa siteshoni yaikulu ya mtawuni musamangoona kumene sitima ikukathera, onani kuti ndi layini iti, kapena funsani wa yunifolomu kuti iyi idutsa pa Wynberg? Kufunsa sikulipiritsa.

Za matikiti. Mumagula pawindo musanakwere, ndipo nyamulani ndalama zing'onozing'ono, osati kukatulutsa R200 m'mawa anthu ali pamzere kumbuyo kwanu akuthamangira ntchito, akutukwanani m'zilankhulo zitatu. Mumatchula kumene mukupita, kenako single, yopita kokha, kapena return, yopita ndi kubwera. Mtengo umayendera kutalika kwa ulendo, anaugawa m'magawo, ndiye masiteshoni oyandikana mtengo umakhala umodzi. Ngati muli ndi ntchito yokhazikika, funsani za weekly ndi monthly. Apa ndi pamene pali phindu lenileni, chifukwa ukalandira malipiro nkugula monthly tsiku lomwelo, ngakhale ndalama ithe pa 15 monga imathera, kuntchito umafikabe. Koma ngati muli wa maganyu oti lero Constantia mawa Sea Point mkuja kulibe, monthly ingakudyereni ndalama, bola return. Werengani masiku anu kaye. Mitengo inakhala osasintha kwa zaka khumi mpaka inakwera mu August 2025, komabe mukayerekeza ndi taxi kapena basi sitima ndiyotchipa kwambiri, palibe mpikisano. Funsaninso pawindo pomwepo ngati pali kuchotsera kwa oyenda masana anthu atachepa, komanso kwa ana asukulu ndi agogo.

Tikiti musataye mukakwera. Kwathu tikiti ya basi ukangokhala pampando umaipinda nkuiiwala, kuno amaifunanso potuluka pageti, nthawi zina mkati mwa sitima momwemo. Mukapezeka mulibe mulipira faindi yoposa tikitiyo, ndipo kwa ife alendo nkhani yaing'ono ngati imeneyo imatha kukula nkuyamba kufunsidwa mapepala, zosafunika. Ine yanga ndimaiika kuseri kwa kava ya foni. Wina akakutsatsani tikiti panja pa siteshoni motchipa mukaneni.

Tsopano ndikuuzeni pang'ono mbiri yake, chifukwa mukaidziwa mumvetsa chifukwa chake malowa ali momwe alilimu. Dzina loti Wynberg ndi la Chidatchi, kutanthauza phiri la vinyo, poti kuyambira nthawi ya Jan van Riebeeck, mtsogoleri wa Adatchi oyamba kukhazikika ku Cape, m'zaka za m'ma 1650 azungu anadzala mphesa m'mapiri a kuno. Angelezi atalanda Cape mu 1795 anaika kampu ya asilikali pa Wynberg chifukwa ndi pakatikati pa doko la mtawuni ndi doko la Simon's Town, ndipo kampuyo ilipobe mpaka lero. Mudzi unakula, anthu a ndalama anamanga nyumba kuthawa mphepo ndi fumbi la mtawuni, ndiye panafunika njira yachangu yoposa ngolo za mahatchi. Kampani ina yotchedwa Wynberg Railway Company inamanga njanji kuchokera pa Salt River, ndipo sitima yoyamba inafika pa Wynberg mu December 1864. Taganizani, 1864. Kwathu sitima inadzafika ku Blantyre mu 1908, patapita zaka 44, ndipo pamene kuno anthu amakwera sitima kupita kuntchito Livingstone anali asanamwalire nkomwe.

Kwa zaka 18 njanji inkathera pa Wynberg pomwepa. Aliyense wopitirira kummwera amatsika pano nkupeza ngolo, ndiye zoti Wynberg ndi malo osinthira thiransipoti sizinayambe ndi ma taxi ayi, ndi khalidwe lake kuyambira kale. Pofika 1876 njanjiyi inali m'manja mwa boma la Cape, ndipo boma ndi lomwe linaipititsa ku Muizenberg mu 1882, Kalk Bay mu 1883, kenako Simon's Town mu 1890 nthawi yomwe nduna yaikulu ya Cape inali Cecil Rhodes, yemwe uja wa Rhodesia, amene anadzafera mkanyumba kake ku Muizenberg mu 1902. Magetsi anaikidwa mu 1928, kuyambira pamenepo za utsi ndi malasha zinayamba kutha pa layini imeneyi.

Kanthu kena kondisangalatsa ine. Poyamba njanji ya Wynberg inali yotambalala ngati za ku England, mamilimita 1435 pakati pa zitsulo ziwiri zija. Koma boma la Cape litaona kuti kudutsitsa njanji yotero m'mapiri kupita kumtunda kudya ndalama zambiri, linasankha yopapatiza ya mamilimita 1067, ndipo ya Wynberg nayo inadzasinthidwa. Muyezo umenewu mpaka lero umatchedwa Cape gauge, ndipo ndi womwewo uli ku Zimbabwe, ku Zambia, ku Mozambique ndi kwathu. Ndiye mukaima pa pulatifomu pa Wynberg nkuyang'ana pansi, kutalikirana kwa zitsulo zimenezo ndi chimodzimodzi ndi pa Limbe kapena pa Nkaya. Ine tsiku lomwe ndinamva zimenezi ndinayang'ana njanji ija kwa kanthawi ndithu, kaya chifukwa chani.

Mudzamva anthu akuno akunena kuti above the line ndi below the line, makamaka mukamafuna nyumba kapena ganyu. Layini yomwe akunenayo ndi njanji yomweyi. Kumtunda kwake, mbali ya kuphiri, ndi kwa mitengo ikuluikulu, mipanda yamagetsi, masukulu odula, ndi kumene ambirife timakagwira ntchito za m'gadeni ndi za m'nyumba. Kumunsi kwake ndi kumene lendi imapiririka. Sizinangochitika zokha. Lamulo la tsankho la Group Areas Act la 1950 linagawa malo potengera khungu, ndipo mabanja ambiri a makaladi anachotsedwa m'madera monga Claremont, Harfield, Newlands, Constantia ndi mbali zina za Wynberg nkukatayidwa ku Cape Flats kumchenga. Ku Simon's Town nako anthu anasamutsidwira ku Ocean View. Sitima nazo zinali ndi mabogi a azungu okha, mabenchi a azungu okha, mawindo ogulira matikiti osiyana. Malamulowo anatha koma mapu sanasinthe kwenikweni, nchifukwa chake m'mawa uliwonse chikhamu cha anthu chimatsika pa Wynberg kuchokera kumunsi nkuwoloka kupita kumtunda, madzulo nkubwerera. Mukakhala ndi agogo achikaladi pampando umodzi muwapatse moni, ena amakuuza okha kuti nyumba iyo ukuionayo ndinabadwiramo ine.

Tibwerere ku zokwera. Ma renki a taxi ali mbali zonse ziwiri za njanji ndipo apa ndi pamene mlendo amazunguzika mutu. Mwachidule, zopita mbali ya kuphiri ndi za mu Main Road monga Claremont, Mowbray, mtawuni, Constantia ndi Hout Bay muzifunafune mbali ya kumtunda, pamene zolowera ku Cape Flats monga Grassy Park, Lotus River, Hanover Park ndi kwina kotero zambiri zimakhala mbali ya kumunsi. Koma malo oimikira amasinthasintha makamaka pano pomwe akukonza misewu ya mabasi a MyCiTi oti azidzalumikiza Wynberg ndi Claremont ku Mitchells Plain ndi Khayelitsha, ndiye funsani. Wofunsa wake ndi gaatjie, ameneyo ndi kondakitala wa kuno, yemwe amakhala atatulutsa mutu pawindo akukuwa mayina a malo mothamanga moti sabata yoyamba simumva kanthu. Mutchulireni kumene mukupita mawu amodzi basi, akulozerani. Mabasi a Golden Arrow nawo amaima pafupi pomwepo. Powoloka njanji gwiritsani ntchito njira yomwe anakonzera anthu oyenda pansi, zodumpha mpanda nkudula pa njanji siyani, sitima yamagetsi siimveka ngati ya dizilo ya kwathu ija yomwe umaimva ikadali ku Lirangwe, iyi umangozindikira yafika.

Nanga zoti mumaphedwa anthu zija? Tinene zoona, mbiri yoipayo ili ndi pochokera. Zaka za m'ma 2015 mpaka 2019 sitima za mu Cape Town zinafika pomvetsa chisoni, mabogi ambirimbiri anatenthedwa, mbava zimaba mawaya a kopa, sitima zimachedwa maola, anthu amalendewera pazitseko ndi pakati pa mabogi, ndipo akuba amalowa nkusecha bogi yonse. Central Line yopita ku Khayelitsha ndi Mitchells Plain inatsekedwa kumapeto kwa 2019 ndipo anthu anafika pomanga zisakasa pa njanji penipeni ku Langa ndi Philippi. Kenako Covid mu March 2020 inaimitsa zonse. Achimwene anu amene anabwera kuno nthawi imeneyo akamakuuzani kuti sitima ayi, sakunama, akunena zomwe anaona.

Koma zinthu zinasinthako. PRASA, bungwe la boma lomwe limayendetsa Metrorail, kunena sitima zonyamula anthu m'mizindazi, kuyambira 2009, linabweretsa sitima zatsopano za buluu zomwe amazitcha Isitimela Sabantu, sitima ya anthu. Zimapangidwa ndi kampani ya Gibela ku Dunnottar kufupi ndi Nigel ku Gauteng, ndipo mgwirizano wake ndi wa sitima 600 za mabogi sikisi iliyonse. Kusiyana kwake ndi zakale za yelo ndi gireyi zija nkwakukulu. Zitseko zimatsekeka zokha ndipo sitima siinyamuka chitseko chili chotsegula, muli makamera, muli mpweya wozizira, mumalengezedwa siteshoni yotsatira, ndipo mutha kuyenda kuchokera kumutu mpaka kumchira osatuluka panja. Mumakhalanso a sekyurite. Zakale zija zinali ndi Metro ndi MetroPlus, kalasi yotchipa ndi yodula, ndipo anthu ambiri atsopano amagwidwa atakhala mbali yolakwika, pano nkhawa imeneyo inachepa. Chitseko chikapanda kutseguka chokha dinani batani lili pomwepo, musaime nkumadikira ngati bwana. Ndipo chikayamba kulira kuti chikutsekeka musaikepo phazi kapena chikwama, mungochedwetsa anthu onse ndipo akuyang'anani moti mudzalakalaka mutamira pansi.

Chomwe ndimachisowa m'zakale zija ndi chisangalalo chake. Munali bogi ya tchalitchi, anthu akuimba nyimbo za Chixhosa akumenya khoma la sitima ngati ng'oma, mlaliki thukuta lili kamukamu isanakwane 7 koloko, ogulitsa ma chips ndi maswiti akudutsa ndi mitengo yawo yoimba. M'zatsopanozi malonda, kudya ndi phokoso amaletsa. Ukhondo ulipo koma pena umakhala ngati uli pa mzere wa kuchipatala.

Ngakhale zili choncho nzeru zanu musasiye kunyumba. Foni musamaitulutse pafupi ndi chitseko sitima ikaima pa siteshoni, akuba amadziwa kuwerenga masekondi, amatsomphola chitseko chikutsekeka inu nkutsala mukumuonera pagalasi akupita. Chikwama cha kumsana chibweretseni kutsogolo mukakhala pa chigulu, makamaka potuluka pageti ndi pa renki. Masana anthu akachepa khalani bogi yomwe muli anthu ena, makamaka azimayi akuluakulu, osati kukadzipatula kumchira kuti mupeze mtendere. Tsiku lolandira ndalama musayende nazo zonse mthumba limodzi, ndipo ngati mukukatumiza kumudzi tumizani masana kenako muzipita, osati kuima pa Main Road nkumawerenga. Pasipoti yeniyeni ine ndimasiya kunyumba pokhapokha ikufunika, ndimayenda ndi fotokope yodindidwa kupolisi pamodzi ndi pepala la permit. Nthawi yozizira, June mpaka August, kuno kumacha mochedwa, 7 koloko kukadali mdima ndipo mvula imagwa yopingasa ndi mphepo, ndiye kuchokera kunyumba kupita ku siteshoni yendani ndi anzanu. Malo oopsa kwenikweni nthawi zambiri si mu sitima, ndi kanjira kochokera kwanu kukafika pa siteshoni. Ambulera musavutike kugula, mphepo ya kuno imaithyola tsiku limodzi, gulani jekete ya mvula.

Za nthawi. M'mawa ndi madzulo anthu akamapita ndi kuweruka sitima zimabwera pafupipafupi, masana zimatalikirana, Loweruka ndi Lamulungu zimachepa kwambiri ndipo usiku sizichedwa kusiya. Ngati mumagwira ku lesitilanti kapena ndinu a sekyurite oweruka usiku musadalire sitima pobwerera. Jambulani timetable yomwe ili pa siteshoni muisunge mufoni, tsatirani tsamba la Metrorail Western Cape pa Facebook poti amalengeza pakakhala vuto, ndipo funsani anzanu okwera nawo akuikeni mu gulu la WhatsApp la layini yanu, amenewo ndi amene amadziwa msanga kuposa aliyense kuti sitima yaima pati. Lamulo langa ndi loti ndimakwera sitima imodzi patsogolo pa yomwe ndikufunikira. Ngati ya 6:40 ingandifikitse nthawi yake, ndimakwera yobwera 6 koloko itangopitirira pang'ono. Ndipo mthumba la mkati muzikhala ndalama ya taxi ya ulendo umodzi yomwe simuikhudza olo mutamva fungo la chips, chifukwa tsiku lina mawaya adzabedwa kapena siginolo idzafa, ndipo abwana ambiri kuno nkhani ya sitima anatopa nayo kuimva. Ubwino wa Wynberg ndi womwewo, sitima ikakanika mumangotuluka nkupeza taxi ya mu Main Road kapena basi, simusowa chochita ngati mmene zimakhalira pa masiteshoni ang'onoang'ono monga Steurhof.

Zimathekanso kutembenuka. Mu August 2023 ma taxi ananyanyala kwa sabata yathunthu, anthu anayenda wapansi usiku kuchokera mtawuni mpaka kumalokeshoni, ndipo amene tinali pafupi ndi njanji tinapulumukira sitima. Kuyambira nthawi imeneyo pofuna nyumba ndimayamba ndafunsa kuti siteshoni ili patali bwanji. Chipinda chodulirako pang'ono koma choti mumayenda mphindi khumi kukafika pa njanji chimatha kukhala chotchipa kuposa chotchipa chofuna taxi tsiku lililonse, tengani pepala muwerengetse nokha.

Pozungulira siteshoni pali zambiri zoti mutha kumalizira pomwepo osapita mtawuni. Mu Main Road muli mashopu a zovala, mabanki, malo otumizira ndalama, ma saluni a anthu ochokera m'maiko osiyanasiyana, ndipo mukafunsa bwino mupeza ogulitsa ufa woyera, usipa, nyemba ndi zina za kwathu zobwera pa basi. Khoti la majisitireti la Wynberg lili pafupi, polisi ili pomwepo yodindira mafotokope aja, chipatala cha Victoria chili chakumtunda, ndipo paki ya Maynardville ndi yongoyenda wapansi, malo abwino kukhala pansi ngati mwafika msanga pa intavyu. Ingokumbukirani kuti madzulo mashopu akatseka malowa amasintha nkhope msanga, si pocheza.

Ndiye tsiku lina mukapuma, chonde, kwerani sitimayi popanda chifukwa cha ntchito. Gulani return ya Fish Hoek kapena Simon's Town, khalani mbali ya kumanzere pawindo. Mukadutsa Muizenberg, yomwe siteshoni yake ya njerwa zofiira yokhala ndi wotchi pamwamba inamangidwa mu 1913, njanji imakhala pamwamba pa miyala madzi ali pansi pomwepo, mafunde akakula amachita kuwaza mawindo. Pa St James pali tinyumba ta mitundumitundu tija mumationa pa zithunzi, pa Kalk Bay mutha kutsika nkukagula snoek kwa asodzi padoko, ndipo miyezi ya August mpaka October ngati muli ndi mwayi muona anamgumi muli mu sitima momwemo. Kupitirira Fish Hoek mchenga umakonda kukwirira njanji mphepo ikawomba, ndiye nthawi zina mumatsika pa Fish Hoek nkusintha sitima, funsani musananyamuke ngati ya Simon's Town ikuyenda tsiku limenelo.

Mukafika ku Simon's Town pitani pa Jubilee Square mukaone chiboliboli cha galu. Dzina lake anali Just Nuisance, chigalu chachikulu cha mtundu wa Great Dane chomwe chinazolowera kukwera sitima pa layini yomweyi kutsatira asilikali a pamadzi mpaka mtawuni. A njanji anatopa nacho nkuopseza kuti achipha ngati wina salipira, ndiye asilikali aja anachita nzeru, mu 1939 anamulemba galuyo usilikali mu Royal Navy, chifukwa msilikali amakwera ulere. Anafa mu 1944 ndipo anaikidwa ndi ulemu wa chisilikali. Mphwanga uja nditamuuza anati malume ndiye kuti galu anapeza mapepala ine ndisanapeze, tinaseka mpaka anthu kutiyang'ana. Pano ali ndi monthly yake, amakwera pa Retreat nkutsika pa Wynberg kukagwira taxi ya Constantia, ndipo dzulo ndi iyeyo amene ananditumizira mesiji kuti malume musapite ku siteshoni, yaima pa Plumstead.